Mvula Imene Ndinkanyamula pa Njinga

Ndinayeza mvula pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo kuyambira nkhondo yaikulu yachiwiri itangotha mpaka azungu atayamba kulongedza. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4 ya pamishoni, ndipo inandikwanira. Manambala ndinkawadziwa, dzanja langa linali lowerengeka, mowa sindinkamwa. Bwana manijala anandichotsa pa sikelo yoyezera masamba n'kundiika mu ofesi ngati kalaliki wamng'ono. Ntchito zinali zambiri, koma imodzi sindinkalola wina aliyense kuigwira. Kuyeza mvula.

Choyezeracho chinali cha mkuwa, chonga chitini chachitali, chozikidwa pa kapinga patsogolo pa ofesi. Pamwamba pake panali fanelo, m'kati muli botolo. M'mawa uliwonse belu likalira ndinkapita pamenepo. Ndinkavula chipewa kuti chisadonthezere madzi m'botolomo. Madzi ndinkawatsanulira mu galasi la mizere, n'kugwada kuti diso lilingane ndi madziwo, chifukwa ukayang'ana uli chiimire galasi limakunamiza. Ndikawerenga ndinkawathira pansi pomwepo, n'kukalemba.

Chinali ndi malamulo ake. Kukamwa kwake kusapendekeke. Udzu usachipitirire. Mtengo usachiyandikire, khoma lisachitchinge. Kuki wa bwana anabzalapo nthochi chapafupi, ine ndinazizula osamufunsa. Anakandinenera, ndipo bwana anamuuza kuti akabzale kuseri kwa khitchini. Nambala imene sindinaione ndi maso sindinailembepo. Bwana ankadalira manambala amenewo pofuna kudziwa tsiku lowokera mbande za tiyi kuchoka ku nazale, ndipo mbande zimene zinawokedwa pa mawu anga zinkagwira.

Ndinakwatira kuseri kwa chitunda, njira yotsikira ku Thekerani, kumene ukaima pakhomo umaona chigwa cha Shire chili mbuu kumunsi. Ndinakamanga kwa mkazi monga mwa mwambo wa kumeneko. Nyumba ndinamanga ndi manja anga, koma malo anali a iwo, munda wa iwo, ndipo mwana wathu wamkazi, amene nthawiyo anali atangoyamba kuyenda, analinso wa iwo. Mkamwini akachotsedwa amanyamula khasu lake ndi mphasa. Mwana amatsala. Izi ndinkazidziwa pokwatira.

Ku ntchito ndinkapita pa njinga tsiku ndi tsiku, ndipo njingayo inandiphunzitsa zimene galasi silikanandiphunzitsa. Ndinkachoka ku ofesi nditavala thumba la chiguduli kumutu, matope ali m'matayala. Ndikangodutsa pamwamba pa chitunda, matopewo ankayamba kuuma n'kumagwa okha. Pofika kunyumba ndinkapeza nkhuku zikusamba fumbi. Choyezera chimanena za malo amene chaima. Za kwina sichidziwa.

Anthu a m'mudzimo ankazionanso zimenezi, pakuti ambiri ankathyola tiyi pa esiteti yomweyo. Komabe anali ndi chizolowezi chimodzi choipa. Akamva kuti ku esiteti ayamba kuwoka mbande, ankathamangira kubzala chimanga, ati azungu salakwitsa nyengo. Zaka zina zinkawayendera. Zaka zina chimanga chinkamera, n'kupsa chisanafike m'mawondo, n'kubzalanso kachiwiri. Mbewu ikakhalapo yambiri, kubzala kawiri si mlandu. Koma njala ya fote naini itadutsa, mbewu inasowa. Anthu anali atadya ngakhale chimanga chija chosungira kudenga. Tinapulumukira chinangwa ndi kalongonda. Chaka chotsatira aliyense anali ndi kambewu kobzala kamodzi kokha.

Mwini mbumba anali malume a mkazi wanga, mkulu wamtali wosaseka kawirikawiri, amene anabwera kuchokera ku Mozambiki ali kamnyamata. Akakhala bwino ankanditchula kuti apongozi. Akakwiya ndinkasanduka mkamwini uyu, ndipo mawu otsatira ankawanena m'Chilomwe. Tsiku lina Lamulungu, mwezi wa Okutobala kukutentha, anandiitana pansi pa mtengo wa mango.

“Apongozi, mphika wanu uja wa mkuwa. Kodi simungatibwerekeko chaka chino?”

“Mphika uti?”

“Uja mumaugwadira m'mawa.”

Ndinawauza kuti si mphika, ndi choyezera, ndipo si changa.

“Tonse tili ndi maso,” anatero. “Kumene kuli mphikawo mvula sikusowa. Kuno kumene kulibe, ana amatifera. Azungu anabwera ndi chokokera chawo, basi. Sitikukana, anachenjera. Ife tikungopempha kuti chigoneko m'munda muno mwezi umodzi.”

“Sichikoka mvula. Chimangoilandira, monga mmene imalandirira mbiya ya pakhonde.”

“Mbiya ya pakhonde mumaivulira chipewa?”

Iwo anapitiriza, akuwerenga pa zala. Ndimapita nthawi imodzimodzi tsiku lililonse. Ndimapita ndekha. Ndimavula chipewa, ndimagwada, ndimakweza madzi kumwamba, kenako ndimathira pansi. Wina akabzala nthochi pafupi ndimazula. Anati iwo anakulira pakati pa anthu othira nsembe, ndipo nsembe amaidziwa akaiona, ngakhale woithirayo atavala kabudula wa kaki.

Ndinawafotokozera chimodzi chimodzi, za chipewa, za diso, za nthochi. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, “Chabwino. Tibwerekeni.”

Kuba sindikanaba. Koma pempho lawo linandipatsa nzeru ina. Ngati mudzi unkapsetsa mbewu potsatira choyezera cha ku ofesi, mankhwala ake anali kukhala ndi chathu. Ndinapita kwa mmisiri wa zitini pa msika, ndili ndi ulusi umene ndinayezera kukamwa kwa cha mkuwa chija. Anandisulira chitini cha malata chofanana kukamwa, ndi fanelo yake. Ndinachizika pakati pa munda wa mkazi wanga, poyera, kutali ndi mango ndi nandolo.

Malume aja anabwera kudzachiona. Anachigogoda ndi chala.

“Chopepuka,” anatero.

“N'choyezera. Ndanena kale kuti sichikoka.”

“Mwanena. Chisiyeni pomwepo.”

Galasi la mizere linali limodzi, la ku ofesi, ndipo silinkaloledwa kutuluka. Choncho mvula ikawaza kwathu, m'mawa ndinkatsanulira madzi a m'chitini mu botolo la mankhwala a chifuwa, n'kutseka ndi chitsononkho, n'kulimangirira pa kaliyala. Ku ofesi ndinkayamba ndayeza za bwana, kenako zanga, ndipo madzi onse ndinkathira pa kapinga pomwepo. Ndinkaona kuti palibe cholakwika. Mpaka lero ndikuona kuti panalibe.

Mvula inayamba ku esiteti mwamphamvu. Botolo la ku ofesi linkatuluka lolemera, ndipo bwana analamula kuti mbande ziwokedwe. Kwathu inangodutsa, yonunkhiritsa dothi. Madzi a m'chitini changa ankangophimba pansi pa galasi. Ndinafukula m'munda ndi chala, ndinapeza pouma chala chisanalowe chonse.

Madzulo ake mudzi wonse unali ndi makasu. Mkazi wanga anatsitsa kansengwa ka mbewu n'kuima nako pakhomo.

“Bambo a mwana, anzathu akubzala.”

“Abzale. Yathu isatuluke.”

“Mukatiphetsa ndi njala ndi chitini chanucho, ndidzakuphikirani chomwecho.”

Ananena choncho, koma kansengwa anakabweza kudenga. Mkazi ameneyu ankakangana nane pakamwa, koma pa nzeru sankandisiya.

Chimanga cha anthu chinamera bwino. Kenako dzuwa linaima. Masamba anapotana ngati fodya wopichira, ndipo mlungu wachiwiri usanathe mizere yambiri inali itayera. Tsiku lililonse chakumasana mitambo inkaunjikana kuseri kwa chitunda, tinkamva mabingu, othyola tiyi ankabwera atanyowa, ife kuno fumbi.

Woyamba kundiuza zimene zinkanenedwa anali mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga, wothyola tiyi wa pakamwa posatseka. Anandipeza ndikupopa njinga.

“Alamu, lero mwanyamula ingati? Musiyeko pang'ono, ena tikufuna kusamba.”

“Ndanyamula chiyani?”

“Mvula yathu. Akuti mumaitchera m'chitini ngati mbewa, n'kukaipereka kwa bwana wanu. Amakupatsani zingati pa botolo? Mundiuze, nanenso mabotolo ndili nawo.”

Iye ankaseka, koma ena sankaseka. Amayi a m'mudzi anasiya kutuma ana kudzapala moto kwathu. Mkazi wanga akafika pachitsime nkhani zinkatha. Munthu wonenedwa kuti wamanga mvula masiku amenewo sankagona bwino, ndipo ine ndinali wobwera.

Malume anaitana mbumba yonse pansi pa mango uja, ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Sanazungulire.

“Mkamwini uyu tinamupempha chokokera, anatibweretsera chotungira. Chaka chino mvula ikangoti igwe, iye m'mawa wainyamula, waiwolotsa chitunda, wakaithira pa udzu wa azungu. Mwana wa mlongo wanga wamuona akuthira. Wakana?”

“Sindikukana kuthira,” ndinatero.

“Ndiye azule chitinicho lero, aphwanye botolo, apepese mbumba. Apo ayi, njinga ali nayo, njira akuidziwa. Mwana asiye.”

Nkhoswe yanga inandikodola, kundinong'oneza kuti chitini n'chiyani, zulani tizipita. Kuzula kunali kosavuta. Koma kupepesa kunali kuvomera kuti ndinabadi mvula, ndipo munthu amene wavomera zimenezo kamodzi ndiye mwini chilala chilichonse chobwera. Akanandisiya chaka chimenecho n'kudzandithamangitsa china. Mwana wanga akanakula akutchedwa mwana wa womanga mvula. Anali pamsana pa mayi ake tsiku limenelo, akuseweretsa mkanda, osadziwa kuti akukambidwa ndi iye.

“Sindipepesa chimene sindinachite,” ndinatero. “Koma chimene munapempha poyamba ndikupatsani. Cha mkuwa chibwera kuno. Cha malata chipita ku ofesi. Madzi a kuno sindiwakhudzanso, muziyang'ana nokha n'kumathira m'munda mwanu. Alamu anga aziyang'ana cha ku ofesi m'mawa asanalowe m'tiyi. Mkuwa ukakoka mvula, ndinyamuka ndekha osadikira kuuzidwa.”

“Ukapanda kukoka?” anafunsa malume.

“Ndiye mudzanena inu.”

Ndinalonjeza chinthu chimene chinali chisanakhale m'manja mwanga. M'sitolo ya ofesi munali choyezera china cha mkuwa, chakale, chophwanyika pang'ono m'mbali koma kukamwa kuli bwino. M'mawa mwake ndinaima pamaso pa bwana n'kuwauza zonse monga zinalili, za nsembe ndi za botolo zomwe. Anaseka mpaka kuchotsa kaliwo pakamwa. Ataona kuti ine sindikuseka analeka, nandifunsa ngati kuseri kwa chitundako kumaumadi chotero. Ndinati kumauma. Anati nditenge, koma ndibweze chili chonse.

Malume anachinyamula okha kuchoka pa njinga. Anachizika okha pa dzenje la chitini chija, ine ndinangowongola kukamwa. M'mawa ankapita okha, atavula chipewa chawo cha mlaza, n'kupisa phesi m'botolo kuti aone ponyowa. Ndinkawaona ndikudutsa, osaima.

Ku ofesi chitini changa cha malata chinaima pa kapinga, mapazi angapo kuchoka pa cha bwana, ndipo ziwirizo zinkalandira mofanana. Mlamu wanga ankafika ndi dengu lake kumsana, n'kusuzumira.

“Chadzaza chigubu cha alamu,” ankatero. “Malata omwewa? Kwathu chinkachita ulesi bwanji?”

Madzulo ankakanena kwa malume ake. Sankanama, ndimuyamikire pamenepo, ngakhale ankawonjezera zoseketsa. Phesi la malume linkatuluka louma, tsiku lina lonyowa kansonga kokha.

Malume sanagonje msanga. Poyamba anati mkuwa sunazolowere malo. Kenako anati n'chifukwa chophwanyika m'mbali. Katundu wanga ndinali nditamanga kale m'mphasa kuseri kwa chitseko, kuti tsiku likafika ndisachite manyazi omanga anthu akuona. Mkazi wanga ankasesa mozungulira mtolowo osaukhudza, ndipo mbewu inali idakali kudenga. Tsiku lina anandifunsa ngati ndingapitedi. Ndinati ndinanena pamaso pa anthu. Anati, “Ndiye pempherani kuti mkuwawo ukhale waulesi ngati inu pa mtondo.”

Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi, malume anandipeza pakhonde ali ndi ndodo yawo.

“Tiyeni mundiperekeze kumtunda.”

Tinakwera wapansi mpaka pamwamba pa chitunda pamene tiyi amayambira. Tinakhala pa mwala. Mitambo inali ikubwera kuchokera cha ku Mozambiki, yakuda, yotsika. Tinaiona ikukhuthukira pa minda ya tiyi, denga la fakitale linasowa, mitengo ya bulugamu inasowa. Pamene tinali ifepo inafika ngati mawawa ozizira, yongonyowetsa malaya. Titacheuka kuyang'ana kwathu, mitamboyo inkang'ambika ikamatsika, ndipo madenga a m'mudzi ankawala ndi dzuwa.

Zimenezi sizinali zachilendo kwa iwo. Anali ataziona moyo wawo wonse. Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana ku tiyi, kenako anayamba kulankhula, osati kwenikweni kwa ine.

“Tikubwera ndi amayi anga tinadzera uko. Kunalibe tiyi. Kunalibe ofesi. Inali nkhalango yokhayokha, mitengo yovala ndere. Tinagona m'menemo, moto unkakana kuyaka. Amayi anadwala chifuwa, n'chifukwa chake tinatsikira kuno kouma.” Analoza ndi ndodo pamene panali ofesi. “Pamenepo pankadontha ngakhale mwezi wa Juni, mphika kulibe.”

Ine ndinangoti, “Eya.”

“Ndiye kuti azunguwa anayamba apeza mvula, mphika n'kubwera pambuyo.”

“Anasankha ponyowa. Tiyi safuna pouma.”

Anatukwana pang'ono m'Chilomwe. Sindikudziwa ngati ankatukwana azungu, kapena chitunda, kapena iwo eni. Potsika anaterereka, ndinawagwira mkono, anandikankha.

Sanaitanitse mbumba tsiku limenelo kapena lotsatira. Mtolo wanga unakhalabe kuseri kwa chitseko. Mvula yeniyeni ya kwathu inabwera chakumapeto kwa Disembala, ndipo inachokera kuchigwa, monga imachitira ikafuna kutikumbukira. Inagwa masana onse, madzi anayenda m'mizere. Ndinada nkhawa pang'ono, chifukwa munthu wofuna kunena kuti mkuwa wayamba ntchito akanatha kunena tsiku limenelo, ndipo ine ndinali nditalonjeza.

M'mawa mwake malume anafika pakhomo pathu atanyamula phesi lonyowa kupitirira theka. Anthu angapo anawatsatira, mlamu wanga ali pakati.

“Malume, mkuwa wadzuka,” anatero mlamuyo. “Alamu ayambepo, ndiwapopere njinga?”

“Khala chete iwe. Mkuwa wagona pano masabata onsewa, udzuke lero?” Anatembenukira kwa ine, n'kundionetsa phesi. “Apongozi, iyi yakwana kubzalira?”

Ndinalitenga, ndinaliyang'ana, ndinapita m'munda n'kufukula mpaka chigongono chinada. Munali monyowa mpaka pansi.

“Yakwana,” ndinatero.

“Mwamva,” anauza anthuwo. “Nkhani ija yatha. Asadzaitchulenso munthu.”

Kupepesa sanapepese, ndipo ine sindinayembekezere. Mkazi wanga anatsitsa kansengwa. Asanapite kumunda anatapako m'manja kupatsa amayi ake ndi akazi a mlamu wanga, amene mbewu yawo inali itapsa yonse. Ine ndinaona kuti watapa kwambiri, koma mbewu inali yake. Ena anabzala mapira ndi mbatata. Sitinakolole zodzaza nkhokwe chaka chimenecho, koma pa mbumba yathu sipanafe munthu.

Cha mkuwa ndinabweza kwa bwana chili chonse. Cha malata chinabwerera pa dzenje lake, ndipo mmisiri uja anandidulira kamtengo ka mizere kuti madzi asamawolokenso chitunda. Kuyambira pamenepo mbumba yathu inaleka kufunsa ngati ku esiteti awoka mbande. Inkafunsa chitini. Malume ndi amene ankachiyang'ana mpaka maso awo anafooka, ndipo chipewa ankavulabe. Ndinawauza kuti chawo cha mlaza sichidontha, angathe kuchisiya kumutu. Anandiyankha kuti ndisamale za ku ofesi.

Mtolo uja anamasula ndi mkazi wanga madzulo a tsiku lobzala. Mphasa anayala pakhonde, nakhazikapo mwana, n'kumupatsa botolo la mankhwala a chifuwa lija kuti aziseweretsa.